Kaboti kamene kanaphunzila kuuluka: mbili ya Moth

Mwina munakaonapo pa foni. Kaboti kang'ono, munthu mmodzi wakhala m'mphepete, thupi lonse lalendewela kunja, ndipo kabotiko kali m'mwamba pafupi-fupi mita imodzi kucoka pa madzi, kaimilila pa tumiyendo tuwili toonda. Kalibe injini, kalibe batile. Cimene cimakakankha ni mphepo cabe, koma kamathamanga kupambana mphepo imeneyo, ndipo pa tsiku labwino kamapitilila makilomita 50 pa ola. Dzina lake ni Moth, liwu la Cizungu la kagulugufe ka usiku kaja kamene kamazungulila babu pa khonde.

Mukakaona mungaganize kuti kanacokela ku fakitale ya ndeke. Koma kanayambila kuseli kwa nyumba, m'manja mwa anthu wamba okhala na sowo, hamala na mapulanga ocepa. Mmene kanacokela kumeneko n'kufika pouluka, komanso cimene kanataya pa njila, ndiyo nkhani yathu lelo.

Amuna awili amene sanali kudziwana

Mu 1928, ku tauni yaing'ono ya Inverloch, m'mbali mwa nyanja kum'mwela ca kum'mawa kwa Melbourne ku Australia, Len Morris anakhoma kaboti ka mapulanga. Kanali kotalika mafiti 11, kophwathalala pansi monga thileyi, kosasongoka kutsogolo, kokhala na tanga limodzi. Tanga ni cinsalu cija cogwila mphepo cimene amamangilila ku mlongoti. Anakacha Olive, dzina la mkazi wake. Kanathamanga bwino pa madzi a Anderson's Inlet cakuti anakhomanso tuwili, Whoopee na Flutterby, ndipo mipikisano inayamba. Gulu la tumaboti utu analicha Inverloch Eleven Footer.

Caka cotsatila, mu 1929, ku America, kapitawo wa maboti Joel Van Sant wa ku Atlantic City anagwilizana na mmisili Ernest Sanders wa ku Elizabeth City, m'cigawo ca North Carolina. Awiliwa anakhoma kaboti kawo, nakonso ka mafiti 11, na mitengo ya m'dambo lalikulu la Great Dismal Swamp. Anakacha Jumping Juniper, ndipo mtundu wa botilo anaucha Moth. Morris na Van Sant sanali kudziwana. Onse awili anali kungofuna boti locepa, limene munthu angakhome yekha, kulinyamula na mnzake mmodzi, n'kukaliyendetsa yekha.

Mu 1933 magazini ya ku America yochedwa The Rudder inalemba za tumaboti twa Van Sant. Anthu a ku Inverloch atawelenga anaona kuti awa ni abale awo, ndipo anatengela dzina la Moth. Zimenezo zinali zaka za Great Depression, pamene mafakitale anali kutsekedwa ndipo anthu ambili-mbili analibe nchito. Boti lokhoma wekha na ndalama zocepa linali lofunika panthawi yotelo. Dzina linakhala limodzi, koma miyeso inasiyana. Tanga la ku Australia linali lokulilapo, masikweya fiti 80, pamene la ku America linali 72, ndipo magulu awiliwa anayenda payekha-payekha kwa zaka pafupi-fupi 40.

Lamulo lokamba zocepa

Kuti zotsatila zimveke, dziwani kuti maboti a mpikisano ali mitundu iwili. Mtundu woyamba ni wa maboti ofanana ndendende. Citsanzo cochuka ni Laser, imene manje amaicha ILCA. Anaijambula ni Bruce Kirby wa ku Canada, inayamba kugulitsidwa mu 1971, ndipo ili mu maseŵela a Olympic kuyambila mu 1996. Apanga zopitilila 200,000, zonse pa muyeso umodzi. Mukasintha kanthu kamene lamulo silinalole, akucotsani mu mpikisano. Colinga n'cakuti apambane munthu, osati boti.

Moth ili mu mtundu waciwili. Lamulo lake limangoika malile. Masiku ano boti lisapitilile mamita 3.355 m'litali na mamita 2.25 m'lifupi, tanga lisapitilile masikweya mita 8.25, thupi la boti likhale limodzi, woyendetsa akhale mmodzi. Za kulemela lamulo silikamba kanthu, conco mungalipange lopepuka mmene mungathele. Maonekedwe ake ni nzelu zanu. Mu gulu lotele mpikisano umayambila mu galaji, miyezi yambili boti lisanakhudze madzi.

Si onse amene anakonda moyo wosintha-sintha umenewu. Ena anali kusankha Moth imodzi imene yawakomela n'kunena kuti basi, tiime pano. Ni mmene British Moth ya Sydney Cheverton inayambila ku England mu 1932. Ni mmenenso Europa Moth ya Alois Roland wa ku Belgium, ya mu 1960, inakhalila gulu paiyokha lochedwa Europe, limene akazi anapikisana nalo ku Olympic kuyambila 1992 mpaka 2004. Otsalawo anapitiliza kuyesa zatsopano. Mu 1972 bungwe loona za mipikisano ya maboti pa dziko lonse linavomeleza lamulo limodzi la International Moth, lotengela tanga lalikulu la ku Australia.

Boti loonda monga lula

Cinthu cimene cinasintha Moth koyamba ni mafelemu a m'mbali. Mphepo ikawomba tanga imafuna kugwetsa boti, ndipo woyendetsa amalimbana nayo na thupi lake mwa kukhala kutali na pakati mmene angathele. Kale, kuti akhale kutali, boti lenilenilo linafunika kukhala lotambalala. Koma lotambalala limagwidwa na madzi ambili, ndipo limacedwa. Amisili anayamba kumanga mafelemu a mapaipi m'mbali zonse ziwili, n'kukokapo nsalu yolimba yokhalapo. Munthu atapeza pokhala kunja, thupi la boti linamasuka kuonda.

Ndiye linaondadi. Ku England, John Claridge na Mervyn Cook anatulutsa mndandanda wa maboti ochedwa Magnum kuyambila m'ma 1970, ndipo pa kupita kwa zaka anali kuonda-onda. Maboti ophwathalala a mtundu wa Olive, amene anthu a ku Australia anawakonda kwa zaka zambili, anayamba kutsala m'mbuyo. Pofika m'ma 1990, thupi la Moth yopambana, monga Hungry Tiger ya Mark Thorpe wa ku Sydney, linali lotambalala masentimita ongopitilila pang'ono 30. Ganizilani lula ya kusukulu. Zopangila nazonso zinasintha, kucoka pa mapulanga kupita pa plywood yopyapyala, kenako fibreglass, pothela carbon fibre.

Boti lotele silingaime lokha pa madzi. Mukalisiya limagwa monga njinga yopanda sitandi. Wophunzila anali kutha masabata akugwa na kukwelanso asanayende ulendo wooneka. Ambili anatopa n'kupita ku maboti ena osavuta, ndipo gulu la Moth linacepa kwambili. Amene anatsala anali anthu ouma mutu, okonda kusema na kumata m'magalaji mwawo. Ni iwo amene anabweletsa kuuluka.

Za ku Perth

Phiko la pansi pa madzi, limene amalicha foil, limagwila nchito monga phiko la ndeke. Kusiyana kwake n'kwakuti madzi ni olemela kupambana mpweya nthawi pafupi-fupi 800, conco kaphiko kotalika ngati mita imodzi, kotambalala ngati cikhato, kangathe kunyamula boti na munthu wake. Nzelu imeneyi ni yakale. Enrico Forlanini anaiyesa pa nyanja ya Maggiore ku Italy mu 1906, ndipo Alexander Graham Bell, uja wa telefoni, anathamangitsa boti la mapiko ku Canada mu 1919. Koma awo anali maboti a injini. Pa boti la tanga mphepo imasintha mphindi iliyonse. Liwilo likakwela, phiko limanyamula kwambili mpaka kutulukila pamwamba pa madzi, mphamvu yake n'kutha nthawi imodzi, boti n'kugwa camutu. Vuto lalikulu linali la kusunga boti pa msinkhu umodzi.

Mu 2000 mpikisano wa dziko lonse wa Moth unacitikila ku Perth, kumadzulo kwa Australia. Brett Burvill anabwela na boti lokhala na mapiko opendeka omangiliwa ku mafelemu a m'mbali. Mphepo ikamukomela anali kusiya anzake patali. Akulu-akulu a gululo anakambilana, ndipo anagamula kuti mapiko a m'mbali amapangitsa boti kukhala ngati la matupi angapo, cimene lamulo limakana. Njila ija inatsekedwa.

Ciletsoco cinasiya mpata umodzi cabe, wa mapiko okhala pa mzele wa pakati pa boti. Boti lililonse la tanga lili kale na zinthu ziwili zolowa m'madzi pa mzele umenewo: thabwa la pakati, loletsa boti kutsetseleka cam'mbali, na ciongolelo kumbuyo. Ian Ward wa ku Sydney anali ataonetsa kale kuti Moth ingauluke pa ziwili zimenezi. Anthu ambili anali kuganiza kuti munthu sangathe kuiongola mu mpikisano. Abale awili a ku Perth, John na Garth Ilett, anaika phiko lopingasa kunsi kwa ciliconse, looneka monga cilembo T cozondoka, ndipo kutsogolo kwa boti anaikako kandodo.

Kandodo aka ndiko mtima wa Moth ya masiku ano. Kamalendewela ku mphuno ya boti, nsonga yake ikukhudza madzi. Kanalumikizidwa na tumitengo toonda topita mkati mwa boti, kutsika mkati mwa thabwa la pakati, mpaka ku kacitseko ka kumbuyo kwa phiko, kofanana na tuja mumaona tukuyenda pa phiko la ndeke ikamatela. Boti likakhala pansi, madzi amakankhila kandodo kumbuyo, kacitseko kamatsika, phiko limanyamula mwamphamvu. Boti likakwela, kandodo kamabwelela kutsogolo, kacitseko kamakwela, mphamvu imacepa. Zonsezi zimacitika zokha, kambili-mbili pa mphindi imodzi, popanda waya wa malaiti kapena kompyuta.

Rohan Veal wa ku Melbourne anatenga boti la John Ilett n'kuthela nthawi yaitali akuliphunzila. Mu 2005, pa madzi a kwawo, anakhala munthu woyamba kutenga cikho ca dziko lonse ca Moth akuuluka. Kucokela caka cimeneco palibe amene anacitenganso na boti loyenda pa madzi.

Kulimanga na kuliyendetsa

Moth yonse, pamodzi na mlongoti, tanga na mapiko, imalemela makilo ongozungulila 30. Thumba la unga la 25 kg silili kutali. Koma kuikonzekeletsa kumafuna kudekha. Mlongoti wa kaboni umalowa m'thumba losokedwa kutsogolo kwa tanga, ndipo tumitengo topingasa mkati mwa tanga tumalipatsa maonekedwe a phiko. Nthambo zitatu zolimba, imodzi kutsogolo na ziwili m'mbali, zimaimika mlongoti. Palinso nthambo zina zodutsa m'tumawilo, zimene woyendetsa amakoka ali paulendo. Imodzi imakokela pansi mtengo wopingasa wa kunsi kwa tanga, ina imakokela pansi kutsogolo kwa tanga. Mphepo ikakhala yocepa amazimasula kuti tanga likhale na mimba yogwila mphepo yambili yonyamukila. Akangouluka amazikoka kuti tanga liphwathalale, cifukwa pa liwilo lalikulu mimba ija imasanduka buleki.

Mapiko amawalowetsa kucokela kunsi, conco boti amaligoneka cam'mbali pa gombe, n'kumanga thabwa na ciongolelo, n'kulumikiza kandodo. Kenako munthu amalinyamula lili cigonele, kuyenda nalo m'madzi mpaka afike pa cifuwa, cifukwa miyendo ya mapiko ni yaitali kupitilila mita. Apo m'pamene amaliimika na kukwela mwamsanga lisanagwele mbali ina.

Mphepo ya makilomita 12 kapena 13 pa ola ni yokwana kuti munthu wozolowela anyamuke. Amene anayesapo amakamba za phokoso la madzi limene limatha mwadzidzidzi boti likakwela. Dzanja limodzi limagwila nthambo ya tanga. Linalo limagwila mtengo wa ciongolelo, umene umapotoka monga cogwilila ca mafuta pa njinga ya moto. Kuupotola kumasintha kupendeka kwa phiko la kumbuyo, mphuno ya boti n'kukwela kapena kutsika. Maboti ena ambili amapendekela kumene mphepo ikupita. Moth ikamalimbana na mphepo amaipendeketsela kumene mphepo ikucokela, pamwamba pa woyendetsa, kuti phiko lizinyamula boti komanso kulikankhila ku mphepo. Kukhota osatela pa madzi ndiwo mayeso aakulu. Akatswili anayamba kukwanitsa kukhota mphepo ili kumbuyo, ndipo kukhota moyang'anizana nayo kunabwela pambuyo pake. Mukaphonya, boti limaima pamenepo koma thupi lanu limapitiliza ulendo, nthawi zina kukawomba nthambo ya mlongoti. N'cifukwa cake ambili amavala cisoti colimba.

Nchito ya pa gombe

Pa Moth, tuzinthu tung'ono-tung'ono ndito tumagwetsa munthu. Kukanda pang'ono pa phiko kungaitane mpweya kutsika kucokela pamwamba pa madzi, phiko n'kusiya kugwila. Conco eni ake amasalaza mapiko na sandipepa yosalala kwambili yonyowetsa, samawagwila na manja a mafuta, ndipo amawasunga m'matumba ofewa. Kapepala ka pulasitiki kapena udzu wa m'madzi ukakola pa phiko, ulendo watha mpaka muucotse.

Njila yocokela ku kandodo kufika ku kacitseko ili na mfundo zingapo, ndipo iliyonse ikayamba kugwedela, uthenga umafika mocedwa, boti n'kuyamba kudumpha-dumpha. Mwini boti amagwedeza mfundo iliyonse na dzanja asanapite pa madzi. Amayang'ananso nthambo pamene zimakhulana na tumawilo, mabauti a mafelemu, na ming'alu yoonda pa kaboni, pakuti kaboni sipindika kukucenjezani monga nsimbi, imangothyoka. Akacoka pa nyanja ya mcele amatsuka zonse na madzi abwino. Mbali imeneyi ya Moth sinasinthe kucokela nthawi ya Len Morris. Amene sadziwa boti lake na manja sangaliyendetse bwino.

Walila mvula walila matope

Kuuluka kunapulumutsa gulu limene linali kufa. Mu 2007 Veal anapambananso pa nyanja ya Garda ku Italy na Bladerider, Moth youluka yoyamba kupangidwa yambili-mbili mu fakitale ku China, yojambulidwa na Andrew McDougall. Mu 2009 McDougall anatulutsa Mach 2, yopangidwa na kampani ya McConaghy, ndipo anthu amene sanagwilepo sowo anayamba kungogula boti lotha kale. Akatswili a Olympic anathamangilako. Nathan Outteridge anapambana mu 2011 na 2014. Peter Burling wa ku New Zealand anapambana mu 2015, ndipo patapita zaka ziwili anaongola boti louluka limene linatenga America's Cup ku Bermuda. Paul Goodison, wa mendulo ya golide ya Laser mu 2008, anatenga cikho katatu kotsatizana, 2016, 2017 na 2018. Tom Slingsby anatsatila mu 2019 na 2021. Pofika ku Olympic ya Paris mu 2024, mipikisano ingapo ya pa madzi inali ya mapiko.

Koma lamulo lija lokamba zocepa silikambanso kanthu za mtengo. Popeza kulibe muyeso wa kulemela, wopambana ni amene ali na kaboni yodula kwambili. Popeza maonekedwe ni aufulu, phiko la caka cino limakalamba caka camawa. Lelo mapiko amajambulidwa na mainjiniya pa kompyuta n'kuumbidwa m'zikombole zosemedwa na makina, ndipo Moth yatsopano ya pamwamba imagulidwa pa mtengo wa motoka yatsopano. Lamulo likali kulola munthu kukhoma yake mu galaji, ndipo alipo ocepa amene amacita zimenezo. Kungoti mwayi wakuti akatsogole pa mpikisano wa dziko lonse unacepa kwambili. Ufulu umene unalola abale awili a ku Perth kutulukila kandodo ndiwo unakweza mtengo mpaka anthu a mtundu wawo anayamba kutsala kunja.

McDougall analiona vutoli, ndipo mu 2016 anatulutsa WASZP, boti louluka la msinkhu wa Moth koma la muyeso umodzi monga Laser, la mapiko a aluminiyamu, lochipilako kwambili. Acinyamata ambili amene amauluka masiku ano amayambila pamenepo. Anacita zimene Cheverton anacita mu 1932 na zimene zinacitikila boti la Roland: kutenga Moth imodzi n'kuimitsa nthawi kuti ambili akwele. Pamene paimitsidwa nthawi, palibenso amene angabwele na nzelu yatsopano. Pamene pali ufulu, ndalama zimalamula. Gulu la Moth lakhala likusankha ufulu kwa zaka zopitilila 90, ndipo nthawi iliyonse ena amacoka kukayamba zawo.

Maboti akale aja sanathe. Ku England na ku Australia kuli anthu amene amafuna-funa ma Magnum na maboti ophwathalala osiyidwa m'magalaji, kuwamata, kuwapenta na kupikisana nawo pa madzi monga kale. Amawacha lowrider, kutanthauza oyenda pansi. Ku America kuli gulu la Classic Moth, limene limasunga tanga laling'ono la nthawi ya Van Sant, ndipo ambili mwa maboti awo ni a plywood, okhomedwa pa nyumba. Amakumanabe ku Elizabeth City, pa mtsinje wa Pasquotank, pamene Jumping Juniper inayamba kuyandama mu 1929.